Kodi mphunzitsi wa nyimbo wopanda pepala angamufikitse kutali mwana wanga?

FUNSO

Akonzi,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Blantyre. Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 11, wakhala akuphunzira kuimba kiyibodi kwa miyezi isanu ndi itatu pa kasukulu ka nyimbo ka m'dera lathu. Amaphunzirira m'holo ya tchalitchi, Lachitatu masana ndi Loweruka m'mawa. Amene amamuphunzitsa ndi bambo wina wachikulire ndithu, amene wakhala akuliza limba kutchalitchi kwa zaka zoposa 20. Mwezi watha akuluakulu a sukuluyi anamata pakhoma pepala la mbiri ya aphunzitsi onse. Apo m'pamene tinadziwira kuti bamboyu alibe satifiketi ina iliyonse ya nyimbo, ndipo sukulu analekezera Fomu 2. Pamndandanda womwewo pali mtsikana wa digiri ya ku Zomba, msilikali wopuma amene ankaliza lipenga mu bandi ya asilikali, ndi mnyamata woimba gitala m'mabandi. Bambo a kunyumba akuti tikungotaya ndalama, mwana asamukire kwa wa digiriyo ngakhale fizi yake ndi yokwererapo. Mwanayo atamva analira, akuti aphunzitsi akewo amawakonda. Ine za nyimbo sindizidziwa. Ndithandizeni: kodi munthu wopanda pepala angamufikitse kutali mwana wanga?

Nabanda, Blantyre

YANKHO

Mayi Nabanda,

Mwanayo musamusamutse kaye. Pali zinthu zimene mutazipeza pa sukulupo muyenera kumuchotsa tsiku lomwelo, ndipo ndizitchula kutsogoloku, koma kusowa kwa satifiketi si chimodzi mwa izo.

Bambo a kunyumba sakulakwa kufunsa. Ndalama ya fizi imatuluka m'thumba lomwelo la ufa ndi makala, ndipo anthu odzitcha aphunzitsi a nyimbo chifukwa choti ali ndi kiyibodi komanso pakamwa pokoma alipo ndithu m'matauni mwathu. Chimene chavuta ndi muyeso umene atenga. Kuno kwathu njira zofikira pa ukatswiri wa nyimbo n'zambiri, ndipo yodzera ku yunivesite ndi yopapatiza komanso yaposachedwa pa zonsezo. Pepala mwaliona pakhomalo lasonkhanitsa njira zinayi m'holo imodzi: tchalitchi, yunivesite, bandi ya asilikali ndi mabandi a m'tauni. Ine ndikanaliwerenga ndi chimwemwe, chifukwa tisukulu tambiri ta m'madera timayenda ndi munthu mmodzi wophunzitsa chilichonse, gitala yemweyo, ng'oma yemweyo, kwaya yemweyo.

Ndiyambire kufupi ndi kwanu komweko, ku Chileka. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chilekako, anakulirako ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kumene banja lawo linkakhala m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko ndi kumene makutu awo anamwera nyimbo za kwela zochokera ku Joni. Atabwerera kumudzi ankaimba m'misewu ya Blantyre, Daniel pa gitala, Donald pa kachitoliro. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba n'kuyamba kuwajambula, ndipo patangopita zaka zochepa anyamatawa anayamba kuitanidwa ku Ulaya. Chimene ndikufuna muwauze bambo a kunyumba ndi ichi: mu 1999 Donald Kachamba anaitanidwa ku yunivesite ya California ku Los Angeles kuti akaphunzitse. Ophunzira a pa yunivesite ya ku America anakhala pansi kumvera munthu amene sukulu yake ya nyimbo inali mkulu wake ndi msewu, ndipo zimene anaimba naye zinajambulidwa. Donald anamwalira mu 2001. Amene anamuitanawo ankadziwa bwino kusiyana kwa pepala ndi luso, poti mapepalawo amasindikiza ndi iwo omwe.

Koma ndisakunamizeni ndi mayina otchuka. Kuimba bwino n'kwina, kuphunzitsa n'kwinanso, ndipo si onse ali nazo ziwirizi. Ndinaonapo woimba gitala wina wa dzina lake ndithu akuphunzitsa kamnyamata. Mwana akaphonya kodi, mkuluyo ankalanda gitala, n'kuimba yekha mothamanga zala zikuuluka pa nsambo, kenako n'kumubwezera: "Waona? Panga choncho." Mwanayo ankangogwedeza mutu mwaulemu, koma sanatole kanthu. Ola lonse linatha gitala ili m'manja mwa mphunzitsi. Munthu ameneyo luso linamulowa ali wamng'ono kwambiri moti anaiwala kuti linalowa bwanji, ndiye sakanatha kuliphwanya tizidutswa toti mwana ameze. Otere alipo pakati pa opanda mapepala, alipo pakati pa a madigiri.

Tsono tiyeni tiwaone aphunzitsi a mwana wanuwo. Iwo atulukira pa khomo lalikulu kuposa onse, la tchalitchi. Amishoni a ku Scotland atakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, anabwera ndi kaphunzitsidwe ka nyimbo ka do re mi, kamene mbusa wa ku England, John Curwen, anakafalitsa m'zaka za m'ma 1800 kuti anthu wamba aziimba m'matchalitchi mosavuta. Mpaka lero mukalowa pa pulakatisi ya kwaya mupeza zilembo d, r, m, f, s zili pa bolodi, sopulano pamwamba, besi pansi. Amenewo ndi maphunziro enieni a nyimbo, kungoti pamapeto pake sapereka satifiketi.

Zaka 20 pa limba zimaphunzitsa zinthu zimene kalasi silingaphunzitse. Taganizani Lamulungu m'mawa. Mayi wachikulire wayambitsa nyimbo ali kumbuyo kwa tchalitchi, mokweza kwambiri, pa kiyi imene palibe anaikonzekera. Mpingo walandira. Woliza limba wodziwa ntchito amakhudza makiyi awiri atatu chapansipansi, waipeza, walowa, ndipo palibe wadziwa kuti panali vuto. Mpingo ukayamba kukoka nyimbo, iye amaudzutsa ndi dzanja lamanzere osaukalipira. Amamva kuti a aluto atsika pang'ono pakati pa anthu mazana awiri. Ndiponso munthu amene wathera zaka zonsezo akuphunzitsa nyimbo yatsopano kwa anthu otopa obwera kuchokera kuntchito, mzere umodzi kubwereza kakhumi, kudekha anakuphunzira kale. Mwana wa zaka 11 amafuna kwambiri kudekha kumeneko.

Njira ya tchalitchi ili ndi maenje ake, ndipo awa ndiwo muyenera kuwafufuza. Makiyibodi a masiku ano ali ndi batani lolembedwa transpose. Munthu amatha kuphunzira kuimba pa kiyi imodzi yokha moyo wake wonse, nyimbo ikafuna kukwera kapena kutsika n'kungodina batanilo, makina n'kumusinthira. Palinso ng'oma ndi besi zoimba zokha m'kati mwa kiyibodimo: wadina, biti yayamba, dzanja lamanzere likungogwira makodi atatu omwewo, ndipo kwa womvera zikumveka ngati bandi yathunthu. Woimba wotere mutamukhazika pa piyano yopanda magetsi, manja amauma. Ngati aphunzitsi a mwana wanu ali a mtundu umenewu, mwanayo afika msanga pomwe iwo analekezera n'kuima pomwepo.

Mungathe kuziyesa nokha ngakhale mukuti za nyimbo simuzidziwa. Muuzeni mwanayo azimitse ng'oma za m'makinamo, akuimbireni nyimbo ya m'buku imene mumaidziwa, ndi manja onse awiri. Mvetserani ngati mungathe kuimba naye osapunthwa. Akamaliza, muuzeni aiimbenso mokwezerapo koma osadina batani lililonse. Yang'anani zala. Mwana amene waphunzitsidwa bwino kwa miyezi isanu ndi itatu amakhala atayamba kuyendako pa kiyi ya C, ya G ndi ya F. Pa G ndi pa F pali kiyi yakuda imodzi imodzi imene chala chiyenera kuikhudza. Mukaona kachala kakukwera pa yakudayo mosadodoma, dziwani kuti bamboyo akumanga maziko. Mukapeza kuti mwana sadziwa n'komwe kuti nyimbo ingayambire pena, limenelo ndi funso lokawafunsa aphunzitsiwo, mwaulemu.

Za mtsikana wa digiri, ndimulemekeze poyamba. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba nyimbo zimaphunzitsidwa mozama, limodzi ndi zisudzo ndi zojambula. Wotuluka kumeneko amadziwa kuwerenga ndi kulemba manotsi a pa mizere isanu, amadziwa chifukwa chake kodi iyi imakoma ikatsatana ndi iyo, amadziwa mbiri ya nyimbo za kwathu ndi za kunja. Zimene woliza limba amazichita ndi khutu, iye angathe kuzitchula mayina n'kuzilemba kuti wina ku Mzuzu aziwerenge. Chuma chimenecho mwana wanu adzachifuna. Koma digiri sinena kuti chida chake ndi chiti. Mwina iye ndi wa mawu, mwina wa gitala, ndipo kiyibodi anangoiphunzirako pang'ono kuti akhoze mayeso. Sinenanso ngati anakhalapo ndi mwana wa sitandade 6 amene wabwera ndi njala ndipo maganizo ali ku mpira wa manja. Mufunseni zinthu ziwirizi musanalipire fizi yokwererayo. N'chimodzimodzi ndi masatifiketi a bungwe la ku London la ABRSM, lomwe linayamba mu 1889 ndipo limayesa oimba kuyambira Grade 1 mpaka Grade 8. Grade 8 ndi umboni woti munthu amaimba bwino chida chake. Za kuphunzitsa zili ndi mayeso akeake.

Msilikali wopumayo musamuderere. M'mabandi a asilikali ndi a polisi anthu amawerenga manotsi tsiku ndi tsiku ngati nyuzipepala, ndipo kusunga biti kuli m'magazi, poti gulu lonse likuguba potsatira iwo. Nthawi zambiri pa sukulu ngati yanuyo wowerenga manotsi mofulumira kuposa onse amakhala iyeyo. Chofunika kuona n'chakuti mawu a pa perete anawasiya ku kampu. Mnyamata wa gitala amabweretsa za lero: situdiyo, kuimba ndi anzako, kumva nyimbo pa wailesi n'kuitola. Vuto lake limakhala Loweruka, pamene bandi yaitanidwa ku ukwati ana akudikira m'holo.

Zonsezi n'zongokonzekera. Yankho lenileni lili m'kalasi, ndiye Loweruka likubwerali pitani mukakhale pa benchi kumbuyo, mwakachetechete, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Onani kuti pa kiyibodipo pakhala manja a yani nthawi yaitali. Akhale a mwana. Onani chimene chimachitika mwana akalakwitsa. Mphunzitsi wabwino sanena kuti "yambiranso" basi. Amaimitsa pa malo enieni pomwe palakwika, n'kudula kachigawo kakang'ono, mwina manotsi anayi okha, n'kuti: "Dzanja lamanja lokha, pang'onopang'ono. Chala chachikulu chidutse pansi apa." Mwana wayesa katatu, kachinayi zatheka, ndiye abwezeretsa kachigawoko m'nyimbo. Onani ngati amayang'ana kakhalidwe ka mwana pa mpando: msana wowongoka, mapewa omasuka, zala zopindika pang'ono osati zogona pa makiyi. Zizolowezi zoipa za manja zikakhazikika pa msinkhu umenewu zimavuta kuchotsa, ndipo zimadzapweteketsa mkono kutsogolo. Pomaliza onani ngati mwana akutuluka akudziwa chimene akachite kunyumba sabata imeneyo, makamaka ngati chalembedwa m'kope. Mphindi 20 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu Lachisanu usiku, ndipo mphunzitsi wodziwa amawauza makolo zimenezi.

Mukatuluka, afunseni aphunzitsi a mwanayo mafunso awiri amene pepala la pakhoma silinayankhe. Loyamba: anawaphunzitsa ndani? Munthu woona amayankha msanga ndi nkhope yowala, amatchula mbusa, sisitere, mkulu wa kwaya kapena malume amene anamugwira dzanja. Wonena kuti zonse anangozidziwa yekha muchenjere naye, chifukwa amene sakumbukira kuphunzitsidwa kawirikawiri saphunzitsa bwino. Lachiwiri ndilo lalikulu: ana amene anadutsa m'manja mwawo ali kuti lero? Pa zaka 20 payenera kukhala mnyamata amene akuliza limba ku mpingo wina, mtsikana amene akutsogolera kwaya, wina amene anapitiriza maphunziro a nyimbo mpaka kuwaposa. Mukapeza mmodzi kapena awiri, kacheze nawoni. Satifiketi ya mphunzitsi wotere imayenda ndi miyendo. Taonani ku Balaka: Alleluya Band inayambira pa parishi ya Katolika mu 1978, ndipo pozungulira Paul Banda panakulira mng'ono wake Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena ambiri, mpaka Balaka inakhala ndi kaimbidwe kakekake kodziwika m'dziko lonse. Wamkulu ankaphunzitsa wamng'ono, wamng'onoyo n'kudzaphunzitsa wina. Ku Soweto nakonso, sukulu ya Buskaid imene Rosemary Nalden wa ku Britain anaitsegula mu 1997 imadalira achinyamata amene anakulira pomwepo kuti aziphunzitsa ana ongoyamba kumene kuliza vayolini.

Mwina bambo a kunyumba anena kuti: chabwino, koma mwana akuphunzira ndi khutu, manotsi adzawadziwa liti? Kuyamba ndi khutu si kutsalira. Mphunzitsi wa ku Japan, Shinichi Suzuki, amene njira yake ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, anaona kuti mwana aliyense amalankhula chinenero cha mayi ake asanaone chilembo, ndiye anati nyimbo nazo ziyambe choncho, kuwerenga kubwere pambuyo. Koma mawu akuti pambuyo asasanduke mpaka kalekale. Apa bambo a kunyumba ali ndi mfundo, ndipo ndili nawo mbali imodzi. Do re mi imamutumikira bwino woimba ndi pakamwa, koma woliza kiyibodi amene sawerenga manotsi a pa mizere isanu watsekeredwa kunja kwa mabuku ambirimbiri a nyimbo za piyano. Akadzafuna kulemba mayeso a magiredi aja, ngakhale kupitiriza ku sukulu ngati Music Crossroads ku Area 23 ku Lilongwe kapena ku Zomba komweko, kuwerenga kudzamuthandiza kwambiri. Pa zaka 11 mutu umatola msanga. Chaka chino chisathe asanayambe.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Mwana akhalebe ndi aphunzitsi ake pa kiyibodi. Pa manotsi, pemphani akuluakulu a sukulu kuti mtsikana wa digiri kapena msilikali uja azikhala ndi kalasi la gulu, ana asanu kapena khumi pamodzi, kamodzi pa sabata. Kuwerenga manotsi kumaphunzitsika bwino pagulu, ndipo mtengo ukagawidwa kwa makolo angapo umapepuka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma nkhaniyi muyambe kuwauza aphunzitsi akewo, asaimvere kwa ena. Anthu ngati amenewa akhala akuyang'aniridwa pansi ndi a mapepala kwa nthawi yaitali, ndipo pepala la pakhomalo mwina lawabaya kale mumtima. Mmene akayankhire mudzaphunzirapo kanthu. Mphunzitsi wofunira mwana zabwino amakondwa mwana akamapeza zimene iye alibe, ena mpaka amakakhala nawo m'kalasimo. Akakwiya n'kumuletsa mwana kuphunzira kwa wina, pamenepo ndiye ganizani zomusamutsa.

Misozi ya mwanayo musaitaye. Ana ambiri amasiya nyimbo m'chaka choyamba kapena chachiwiri, pamene chidwi cha poyamba chatha ndipo zala sizinayambe kumvera. Chimene chimawawolotsa pamenepo kawirikawiri ndi munthu amene safuna kumukhumudwitsa. Mwana wanu ali naye munthu wotero.

Tsopano zija ndinati mukazipeza mumuchotse tsiku lomwelo. Izi zikukhudza mphunzitsi aliyense, wa digiri ndi wopanda digiri, wa kutchalitchi ndi wa ku bandi. Ngati sukulu kapena mphunzitsi akukana kuti kholo likhale nawo m'kalasi, chotsani mwana. Ngati phunziro likuchitikira m'chipinda chotseka, kapena mphunzitsi wayamba kuitanira mwana kunyumba kwake payekha, kumutumizira mauthenga pa foni usiku, kumupatsa timphatso touzana kuti asanene kunyumba, chotsani mwana ndipo kaneneni kwa akuluakulu a sukulu ndi kupolisi. Kuphunzitsa kiyibodi kumafuna kukonza zala ndi mapewa a mwana, n'chifukwa chake kuyenera kuchitikira poyera, chitseko chili chotsegula, anthu akudutsa. Womenya ana pa zala ndi rula kapena wowanyoza pamaso pa anzawo nayenso si woti mumulekerere, ngakhale atakhala katswiri wotani. Muzimufunsa mwanayo mmene kalasi layendera, ndipo mukaona kuti wayamba kuzemba tsiku la phunziro popanda chifukwa, khalani naye pansi.

Ndili ndi pempho limodzi kwa akuluakulu a sukulu yanuyo, ndipo mukawafikitsire. Anachita bwino kumata mbiri ya aphunzitsi, makolo ayenera kudziwa amene akuwasiyira ana. Koma alembenso pepalalo. Pansi pa dzina lililonse aonjezere chida chenicheni cha munthuyo, amene anamuphunzitsa, zaka zimene waphunzitsa ana, ndi kumene ophunzira ake afika. Aonenso za malipiro. Aphunzitsi a tisukulu ta m'madera ambiri amalandira kangachepe, ena amangopatsidwa ya minibasi, ndipo wa digiri akapeza ntchito ya pamwezi amapita, mwana n'kuyambiranso ndi munthu wachilendo. Amene wakhala pa mpingo umodzi zaka 20 chaka chamawa mudzamupeza pomwepo. Makolo mukamalipira fizi pa nthawi yake mumathandiza kuti onse anayiwo akhazikike.

Loweruka musapite nokha. Atengeni bambo a kunyumba, akakhale nanu pa benchipo, amve mwana wawo akuimba ng'oma za makina zitazimitsidwa, ndipo mafunso awiri aja akafunse okha. Mukatero mundilembere, mundiuze zimene mwapeza.